Intelsat 20: Zimene Manambala a Setilaiti Imene Timalozako Madishi Amatanthauza

FUNSO: Ndimagwira ntchito yoyika madishi a kanema ku Kasungu. Pafupifupi tsiku lililonse ndimaloza dishi ku IS20, koma kunena zoona chinthucho sindikuchidziwa. Ndinawerenga penapake kuti ili pa 68.5°E, imalemera makilogalamu 6,094, ili ndi magetsi a 19.3 kW, komanso ma transponder 24 a C-band ndi 54 a Ku-band. Kodi manambala amenewa akutanthauza chiyani? Nanga bwanji siigwa kapena kusuntha? Makasitomala anga amandiimbira foni mvula ikangoyamba. Ena akuti setilaitiyo yakalamba, ena akuti poti Starlink yabwera ndiye kuti madishi atha ntchito. Ndiziwayankha bwanji?

YANKHO: Bambo, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Anthu okwera pa denga tsiku ndi tsiku ndi ambiri, koma ofuna kudziwa chimene akulozacho ndi ochepa, choncho ndiyankha mosathamanga. Poyamba tengani ichi choti mukawauze makasitomala anu: mvula ikagwa kanema n'kuzima, setilaiti siinawonongeke ayi. Vuto limakhala pakati pa mtambo ndi denga lawo, ndipo munthu amene angalichepetse kwambiri ndi inuyo. Manambala mwatchulawa ndi omwe akuonetsa chifukwa chake.

IS20 ndi chidule cha Intelsat 20. Anaipanga ndi a kampani ya Space Systems/Loral ya ku California, m'dziko la America, ndipo inanyamuka pa 2 Ogasiti 2012 ku Kourou, ku French Guiana, itakwezedwa pa roketi ya Ariane 5 pamodzi ndi setilaiti ina yotchedwa HYLAS 2. Inapita kukalowa m'malo mwa ziwiri zakale, Intelsat 7 ndi Intelsat 10. Ngati ntchitoyi munaphunzira kwa akuluakulu amene anaiyamba kalekale, mwina munawamvapo akutchula PAS 7 kapena PAS 10. Ndi zomwezo, zinangosintha maina Intelsat itagula kampani ya PanAmSat mu 2006. N'chifukwa chake IS20 itafika anthu sanafunike kutembenuza madishi awo. Chombo chinasintha, koma malo anakhala omwewo.

Tsopano nkhani yoti siigwa. Setilaiti imeneyi siinaime monga mmene timaionera. Ikuthamanga makilomita oposa 3 pa sekondi imodzi, omwe ndi makilomita pafupifupi 11,000 pa ola. Dziko limaikoka nthawi zonse, koma chifukwa cha liwiro lakelo, m'malo mogwera pansi imangozungulira. Chinthu chikakhala pafupi ndi dziko chimazungulira msanga: International Space Station, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, imamaliza ulendo umodzi pa ola limodzi ndi theka. Mwezi, umene uli kutali kwambiri, umatenga masiku 27. Pakati pa ziwirizi pali mtunda umodzi wokha, makilomita 35,786 pamwamba pa equator (mzere wogawa dziko pakati), pamene ulendo umodzi umatenga maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4. Imeneyi ndi nthawi yomwe dziko limatenga kuti lizungulire kamodzi. Setilaiti ikaikidwa pamenepo n'kumalowera kummawa, imayendera limodzi ndi dziko, ndipo munthu wa ku Kasungu amaiona pamalo amodzimodzi usana ndi usiku, chaka chonse. Dishi yanu imamangidwa ndi mabawuti n'kusiyidwa chifukwa cha zimenezi basi.

Mkombero umenewu ndi umodzi wokha, ndipo aliyense amaufuna. Malo ake pamodzi ndi ma frequency amagawidwa mogwirizana kudzera ku ITU, bungwe la mayiko onse loona za mafoni ndi mawailesi la ku Geneva, kuti masetilaiti oyandikana asamasokonezane. Nambala ya 68.5°E ndi adilesi ya IS20 pa mkomberowo. Mutatsitsa chingwe kuchokera pa setilaitiyo molunjika pansi, chikafikira m'nyanja ya Indian Ocean, pa equator, chakumadzulo kwa zilumba za Maldives.

Kuchokera kwathu kuno, malowa ali kummawa kopendekera pang'ono kumpoto. Ku Lilongwe kampasi imayenera kuloza madigiri pafupifupi 71 kuchokera kumpoto kwenikweni, ku Blantyre pafupifupi 68, ku Mzuzu pafupifupi 74, ndipo m'madera onsewa setilaiti ili pamwamba madigiri 47 kapena 48. Dishi zimene mumayikazi zimaoneka ngati zaloza mmunsi kuposa pamenepo chifukwa LNB yake, kachida kolandira signal kutsogolo kwa dishi, inaikidwa chakumunsi, ndipo dishiyo imalandira kuchokera pamwamba ndi madigiri oposa 20 kuposa kumene nkhope yake yayang'ana. Kumbukirani zimenezi mukamayeza ngati mtengo wa mango wa pabwalo utchinge kapena ayi. Yerekezani ndi malo ena amene MultiChoice, kampani ya DStv, imagwiritsanso ntchito mu Africa muno, a 36°E a kampani ya Eutelsat. Amenewo ali pafupifupi kumpoto kwathu ndithu ndipo ali pamwamba kwambiri, madigiri oposa 70, n'chifukwa chake dishi yoloza kumeneko imakhala ngati yagona chagada.

Makilogalamu 6,094 aja ndi kulemera kwake pa tsiku lonyamuka, ndipo nambala imeneyi ndi imene ikuyankha funso la ukalamba. Pa setilaiti yamtunduwu, pafupifupi theka la kulemerako limakhala mafuta. Ariane 5 siinkafikitsa katundu wake pa mkombero weniweniwo. Inkausiya pa njira yobulungira motalika, imene mbali ina imadutsa pafupi ndi dziko ndipo mbali ina imafika kumtunda kuja. Setilaiti imayatsa injini yakeyake kangapo kuti njirayo iwongoke, ndipo mafuta ambiri amathera pomwepo, ntchito isanayambe n'komwe. Otsalawo ndi amene amaisunga pamalo ake. Mwezi ndi dzuwa zimaikoka, moti ikangosiyidwa njira yake imapendekera pafupifupi digiri imodzi pa chaka, ndipo kwa ife pansi pano ingayambe kuoneka ikukwera ndi kutsika tsiku lililonse mpaka dishi yomangidwa kuitaya. Choncho akatswiri oiyang'anira amayatsa tiinjini tating'onoting'ono nthawi ndi nthawi kuti isatuluke m'kadera ka makilomita makumi angapo kamene inapatsidwa.

Setilaiti zambiri zoterezi zimasiya ntchito zida zake zikadali bwino, kungoti mafuta atha. Zimapangidwa kuti zigwire ntchito zaka 15 kapena kuposerapo, ndipo mafuta omaliza amasungidwa kuti aikankhire m'mwamba makilomita ena pafupifupi 300, kuti ichoke panjira ya zinzake. Chofunika kumvetsa apa n'chakuti ukalamba wa setilaiti suoneka ngati chithunzi chodukaduka pa kanema wa munthu mmodzi. Transponder ikafa, matchanelo ake amazima kwa aliyense nthawi imodzi, ku Kasungu, ku Chipata, ku Tete mpaka ku Durban. Ngati kwa aneba kanema akuoneka bwinobwino koma kwa kasitomala wanu ayi, musayang'anenso kumwamba.

Komanso eni ake sayembekezera kuti ife kaye. Pa 24 Ogasiti 2016 anatumiza Intelsat 36 kukakhala pa 68.5°E pomwepo, ndipo kasitomala wake wamkulu ndi MultiChoice. Dishi imodzi imaziona zonse ziwiri ngati chinthu chimodzi, moti matchanelo ena amene mumati ndi a IS20 akuchokera kwa mnzakeyo. Ngozi zenizeni zimachitika ndithu, sindingakane. Intelsat 33e, imene inakwera roketi imodzi ndi Intelsat 36 n'kukakhala pa 60°E, inasweka m'mlengalenga mu Okutobala 2024 isanakwanitse zaka zake, ndipo makasitomala ake anachita kuwasamutsira ku masetilaiti ena. Koma zoterezi ndi zosowa, ndipo zikachitika zimamveka dziko lonse.

Nambala ya 19.3 kW ndi magetsi amene mapanelo a sola a setilaitiyi amatulutsa. Ndi magetsi ongokwanira maketulo khumi owiritsira madzi a tiyi, koma ndi amene akufikitsa kanema ku mbali yaikulu ya Africa, Middle East ndi Asia. Ine nambala imeneyi imandigometsa kuposa zonse. Mapanelowo amatembenuka pang'onopang'ono kutsatira dzuwa, pamene thupi la setilaiti limayang'anabe dziko. Ndipo kawiri pa chaka, m'masabata ozungulira 21 Marichi ndi 23 Seputembala, dziko limatchinga dzuwa usiku uliwonse kwa nthawi yofika mphindi 72. Pa 68.5°E mdimawu umagwa cha m'ma 9:30 usiku nthawi ya ku Malawi, anthu ali pa kanema. Nthawi imeneyo setilaiti yonse imayendera mabatire, ndipo woonera sadziwa chilichonse. Vuto lina ndi kutentha. Kumwambako kulibe mpweya woziziritsa zida, choncho kutentha konse kumayenera kutayidwa kudzera m'makoma a kumpoto ndi kummwera kwa thupi lake, kumene dzuwa siliwomba molunjika. Kukula kwa makomawa ndi kumodzi mwa zinthu zimene zimaika malire a mphamvu imene setilaiti ingakhale nayo.

Magetsi ambiri amapita ku ma transponder, ndipo apa ndi pamene pali malonda onse. Transponder ndi chida chimene chimalandira signal yochokera pansi, kuisintha frequency, kuikuza, n'kuibwezanso pansi. Siidziwa kuti mukudutsa mpira kapena ulaliki. Mwachitsanzo, MultiChoice imasonkhanitsa matchanelo ake ku Randburg mu Johannesburg, madishi akuluakulu amawatumiza kumwamba, ndipo transponder imawamwaza pa dera lonse limene antenna yake yaloza. Frequency imasinthidwa kuti signal yamphamvu yotuluka isagonthetse yofooka imene ikulowa. Mulingo wozolowereka wa transponder imodzi ndi 36 MHz, ndipo ndi njira ya DVB-S2 imene madikoda a masiku ano amagwiritsa ntchito, mumatha kudutsa ma megabit 50 kapena kuposerapo pa sekondi. Amenewa amakwanira matchanelo wamba oposa khumi, kapena ochepa chabe a HD. Intelsat payokha siulutsa kanthu, imangochititsa lendi ma transponder kwa owulutsa. Mukamalemba frequency, symbol rate ndi H kapena V pa dikoda, mukusankha transponder. Kuwonjezera pa 24 a C-band ndi 54 a Ku-band mwatchulawo, IS20 ilinso ndi imodzi ya Ka-band. Setilaiti yoyamba ya Intelsat, Early Bird ya mu 1965, inkanyamula mafoni 240 kapena tchanelo chimodzi cha kanema, osati zonse pamodzi.

Kusiyana kwa C-band ndi Ku-band ndi kumene kukukhudza ntchito yanu mwachindunji. C-band imatsika pa ma frequency a pafupi ndi 4 GHz, ndipo funde lake limatalika masentimita 7.5. Ku-band imatsika pakati pa 10.7 ndi 12.75 GHz, ndipo funde lake ndi la masentimita 2.5 okha. Funde likafupika, dishi yaing'ono imakwanitsa kulisonkhanitsa. N'chifukwa chake Ku-band imalandirika ndi dishi ya masentimita 60 kapena 90, pamene C-band imafuna chimdishi cha mamita 1.8 kapena kuposa, chonga chimene mumachiona pa nyumba zoulutsira mawu ndi kanema. Pa IS20, C-band imafika dera lalikulu kwambiri ndipo imagwiritsidwa ntchito makamaka potumiza matchanelo kwa owulutsa anzawo, ambiri a iwo a ku India. Ku-band ndi imene imapita pa madenga a anthu.

Koma funde lalifupi lija likakumana ndi madontho a mvula, madonthowo amamwa mbali ina ya mphamvu yake, ina n'kuimwaza. C-band imadutsa mvula mosavutika kwenikweni, pamene Ku-band imafooka. Mvula yowaza siivuta. Yovuta ndi mvula yamabingu ya mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale, ya madontho akuluakulu, yochokera m'mitambo yotalika makilomita ambiri. Ndipo popeza dishi ya IS20 yaloza kummawa mopendekera, signal imadutsa m'mtambowo chopingasa, ulendo wautali kuposa ikanatsika molunjika. Mwina mwaonapo kanema akuzima pakhomo pasanagwe dontho ngakhale limodzi. Ukatuluka panja n'kuyang'ana kummawa, umapeza kwada bii. Mvulayo ikugwa pa njira ya signal, makilomita angapo kuchokera panyumbapo.

Kuti mumvetse chifukwa chake zinthu zing'onozing'ono zimavuta chonchi, ganizirani kuchepa kwa chimene chimafika pa dishi. Chokuzira signal cha transponder imodzi nthawi zambiri chimatulutsa mawati 100 kapena kuposerapo pang'ono. Mphamvu imeneyi imayenda makilomita pafupifupi 37,300 kuti ifike ku Lilongwe, ikumwazikira pa mayiko ambirimbiri. Imene imagwera pa dishi ya masentimita 90 ndi tizigawo tochepa chabe mwa magawo 1,000,000,000,000 a wati imodzi. Opanga setilaiti amasiyako kamphamvu kapadera koti kalimbane ndi mvula, koma kamphamvuko n'kochepa, ndipo kamatha kuthera pa denga dzuwa likuswa mtengo.

Kamathera motere. Dishi ya masentimita 90 pa Ku-band imaona kadera ka madigiri awiri okha kumwamba. Ikaphonya ndi digiri imodzi, theka la signal lapita, ndipo digiri imodziyo ndi kusuntha kosakwana sentimita imodzi m'mphepete mwa dishi. Bawuti imodzi yosamanga bwino, kapena chitsulo chokhomedwa pa thabwa lofumbwa ndi chiswe, n'chokwanira. Tsiku lopanda mitambo chithunzi chimaoneka bwino, woyika amalandira ndalama zake n'kumapita, koma kamphamvu ka mvula kaja katha kale. Ndikukupemphani kuti musamasiyire pamene chithunzi chaonekera. Pitirizani kusuntha pang'onopang'ono mukuyang'ana signal quality, osati signal strength, mpaka ifike pamene singakwerenso, ndipo muziyang'anabe pamene mukumanga mabawuti, chifukwa kumangako nakonso kumaikoka.

Chachiwiri ndi kapotoledwe ka LNB, kamene ambiri amakanyalanyaza. Setilaiti imagwiritsa ntchito frequency imodzi kawiri, pa H (funde logona) ndi pa V (funde loimirira), ndipo dikoda imasankha potumiza mavoti 18 kapena 13 mu kebulo. Koma chimene chili choimirira kwa setilaiti imene ili pamwamba pa Indian Ocean chimafika kwathu chitapendekeka ndi madigiri oposa 60. Choncho pa IS20 kebulo yotuluka pa LNB siyenera kulendewera molunjika pansi, iyenera kuloza chammbali. LNB ikapotoka molakwika, H ndi V zimalowererana. Strength imaonekabe yokwera, koma quality imatsika, ndipo matchanelo ena amasowa pamene ena alipo.

Chachitatu ndi madzi. LNB imatsitsa frequency kufika pakati pa 950 ndi 2150 MHz kuti signal ithe kuyenda mu kebulo, ndipo madzi akalowa pa cholumikizira cha panja amayenda mkati mwa kebuloyo n'kuchititsa dzimbiri. Mukamasula cholumikizira n'kupeza waya wapakati wada kapena wabiriwira, vuto mwalipeza. Kasitomala amene kanema wake amazima mvula ikagwa n'kukhalabe wosabwerera mpaka mawa, ameneyo vuto lake si mtambo, ndi madzi a mu kebulo. Mtambo ukadutsa, signal imabwerera m'mphindi zochepa. Ndipo kwa amene angakwanitse, alangizeni dishi ya masentimita 90 m'malo mwa ya 60. Kukula kwa nkhope yake ndi kowirikiza kawiri ndi kuposerapo, ndipo signal imene imasonkhanitsa imachulukanso chimodzimodzi. Ngakhale zonse zitakhala bwino, mvula yamphamvu kwambiri idzazimitsabe Ku-band kwa kanthawi. Ndi bwino kuwauziratu zimenezi tsiku loyika dishi.

Pali kuzima kwina kumene kumadabwitsa anthu chifukwa kumachitika kunja kuli ngwee. Chakumapeto kwa Marichi ndi chapakati pa Seputembala, dzuwa limadutsa kumbuyo kwenikweni kwa setilaiti, ndipo phokoso la mafunde ake limaphimba signal kwa mphindi zingapo, masiku ochepa otsatizana. Kwa dishi yoloza ku 68.5°E kuno ku Malawi zimachitika cha m'ma 9 koloko m'mawa. Musakwere pa denga, zimatha zokha.

Za Starlink, intaneti yodzera pa masetilaiti, maganizo anga ndi awa. Pa intaneti, setilaiti ya pa mtunda wa makilomita 35,786 ili ndi chilema chimene palibe angachichotse. Signal imatenga pafupifupi kota ya sekondi kukwera ndi kutsika, ndipo kuti funso lipite yankho libwere pamadutsa nthawi yoposa theka la sekondi. Pokambirana pa foni kapena pa vidiyo kuchedwa kumeneku kumamveka. Masetilaiti a Starlink, amene anayamba kugwira ntchito ku Malawi ndi ku Zambia mu 2023, ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550, choncho kuchedwako n'kochepa kwambiri. Vuto lake ndi loti sakhala malo amodzi. Iliyonse imadutsa kumwamba m'mphindi zochepa, ndiye pamafunika masauzande ambiri, komanso antenna yodziwa kuzitsatira yokha. Makampani akale aimva mphepo imeneyi: Eutelsat inaphatikizana ndi OneWeb mu 2023, ndipo Intelsat yomweyi inagulidwa ndi SES ya ku Luxembourg mu 2025.

Koma kuulutsa kanema ndi ntchito ina. Pa intaneti, anthu miliyoni imodzi akamaonera mpira umodzi, aliyense amafunika kutumiziridwa payekha, ndipo aliyense amalipira data yake. Transponder ya IS20 imatumiza kamodzi kokha, ndipo kaya madishi olandira ndi chikwi kapena mamiliyoni khumi, katundu wake sasintha. Kota ya sekondi ija woonera mpira saiona n'komwe. Mukamva mnzanu wa pa wailesi akufuula kuti chigoli inu mpira usanalowe, kuchedwa kwambiri kumachokera pa kupanikiza ndi kumasula zithunzi ku situdiyo ndi mu dikoda, osati pa ulendo wa kumwamba. Eni masetilaiti akupitirizabe kuika ndalama pa ntchito imeneyi: pa 30 Marichi 2024 Eutelsat inatumiza Eutelsat 36D pa roketi ya Falcon 9 kukalowa m'malo mwa 36B pa 36°E paja, ndipo setilaiti yotero imagulidwa poyembekezera ntchito ya zaka 15 kapena kuposa. Kasitomala wofuna intaneti kumudzi kumene netiweki ya foni siifika, muuzeni zoona kuti dishi ya IS20 simuthandiza. Wofuna kanema, muyikireni dishi ya masentimita 90 pa khoma lolimba, ndipo cholumikizira cha panja muchikulunge bwino ndi tepi yosalowa madzi mvula ya Novembala isanayambe.